Geoffrey Wilkinson ndi ufa wofiira umene udafika mpaka ku Thyolo

Kumapeto kwa Januwale 1952, mphunzitsi wina wachinyamata pa yunivesite ya Harvard ku America adalowa mu laibulale kukawerenga magazini ya sayansi yotchedwa Nature. Adali Mngelezi wa zaka 30, dzina lake Geoffrey Wilkinson, ndipo pa Harvard adali asadathe ngakhale chaka. M'magaziniyo adapezamo kankhani kakafupi kolembedwa ndi anthu awiri a pa yunivesite ya Duquesne mumzinda wa Pittsburgh, Peter Pauson ndi wophunzira wake Thomas Kealy. Awiriwa ankafuna kupanga kemikolo ina yake, koma chimene chidatsala m'botolo mwawo chidali ufa wa mtundu wa lalanje umene sadauyembekezere. Atauyeza adapeza kuti molekyu iliyonse ya ufawo ili ndi atomu imodzi ya ayironi, maatomu 10 a kaboni ndi maatomu 10 a haidrojeni.

Chodabwitsa chidali kulimba kwake. Masiku amenewo akatswiri ankaphunzitsa kuti, kupatula magulu ochepa odziwika, ayironi ndi zitsulo zinzake sizigwirana ndi kaboni mokhalitsa. Ukazilumikiza zimamasukana posachedwa, zina mpaka kuyaka zikangokhudzana ndi mpweya. Ufa uwu sunkaopa mpweya kapena madzi, ndipo unkasungunuka pa madigiri 173 osawonongeka. Pauson ndi Kealy adajambula mmene ankaganizira kuti molekyuyo idakhalira: ayironi pakati, mphete ziwiri za maatomu asanu a kaboni, ina kumanja ina kumanzere, iliyonse yogwira chitsulocho ndi atomu imodzi yokha. Wilkinson atayang'ana chithunzicho mtima wake udakana. Kugwirana kwa nsonga imodzi sikukadabereka chinthu cholimba chotero.

Pa Harvard pomwepo padali katswiri wamkulu, Robert Burns Woodward, amene dzina lake lidali litamveka kale chifukwa cha luso lopanga mu labotale makemikolo ovuta a m'chilengedwe monga kwinini. Nayenso adali atawerenga kankhani komweko, nayenso sadakhutire. Atakumana adapeza kuti maganizo awo ndi amodzi: mphete ziwirizo zagona ina pamwamba ina pansi, chitsulo chili pakati, ndipo maatomu onse 10 a kaboni akuchigwira mofanana. Mpangidwe umenewu ndi umene udadzatchuka ndi dzina loti sangweji.

Pamodzi ndi anyamata awiri a m'gulu la Woodward, Myron Rosenblum ndi Mark Whiting, adapanga ufawo n'kuyamba kuuyeza. Kuwala kwa infrared kudaonetsa kuti mahaidrojeni onse 10 ali pamalo ofanana, zomwe sizikadatheka pa chithunzi cha Pauson. Molekyuyo idapezeka kuti ilibe mbali yokhala ndi mphamvu ya magetsi yoposa inzake, ndiponso maginito sankaikoka ngakhale ili ndi ayironi m'kati. Lipoti lawo lalifupi lidatuluka chaka chomwecho mu Journal of the American Chemical Society, ndipo Whiting adaupatsa ufawo dzina loti ferrocene. Nthawi yomweyo ku Munich, m'dziko la Germany limene lidali likudzukabe m'mabwinja a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Ernst Otto Fischer ndi wophunzira wake Wolfgang Pfab adafika pa mfundo yomweyo paokha mothandizidwa ndi X-ray. Zidadziwikanso kuti akatswiri atatu a kampani ya British Oxygen, Miller, Tebboth ndi Tremaine, adali atapanga kale ufa womwewo m'njira ina.

Apa ndi pamene Wilkinson ndi Woodward adasiyana njira. Woodward maso ake adali pa mphetezo, kuona mmene zingasinthidwire. Wilkinson maso ake adali pa chitsulo. Ngati ayironi akhoza kukhala pakati pa mphete ziwiri, nanga ruthenium? Nanga cobalt, nickel, titanium? Adayamba kuyesa chitsulo chimodzi ndi chimodzi, usana ndi usiku, akudziwa kuti ku Munich nakonso Fischer sakugona. Mpikisano wa awiriwa udatenga zaka zingapo ndipo udadzaza magazini a sayansi ndi makemikolo amene dziko lidali lisadawaonepo. Mu 1955 Fischer ndi Walter Hafner adakwanitsa kuika chitsulo cha chromium pakati pa mphete ziwiri za benzene. Chaka chomwecho Wilkinson ndi John Birmingham adapanga kemikolo imene haidrojeni adamatirira mwachindunji pa chitsulo cha rhenium, n'kuitsimikiza ndi makina a NMR amene adali atangoyamba kumene kugwiritsidwa ntchito. Mu 1956, iye ndi wophunzira wake Stanley Piper adaona kuti m'makemikolo ena chitsulo sichikhazikika pa atomu imodzi ya mphete koma chimangodumphadumpha kuzungulira mpheteyo mwaliwiro. Nthambi yonse ya kemisitiri yoona za mgwirizano wa zitsulo ndi kaboni idakula kuchokera pa zaka zimenezi.

Mwana wa mmisiri wopenta nyumba

Wilkinson adabadwa pa 14 Julayi 1921 ku Springside, pafupi ndi tauni ya Todmorden kumpoto kwa England, dera la mapiri, mvula ndi mafakitale a thonje. Bambo ake adali mmisiri wopenta nyumba, mayi ake ankagwira ntchito mufakitale yoomba nsalu. Kemisitiri adaidziwira kwa mbale wawo wina amene adakwatira m'banja lokhala ndi kafakitale kopanga mchere wa Epsom ndi wa Glauber, ndipo mwanayo ankaloledwa kusewera mu kalabotale ka pamenepo. Mu 1932 adapambana mayeso omupezetsa thandizo la maphunziro a sekondale. Mphunzitsi wake wa fizikisi, Luke Sutcliffe, adali ataphunzitsaponso John Cockcroft, amene adadzalandira mphoto ya Nobel mu 1951. Katauni ka anthu pafupifupi 15,000 kadatulutsa anthu awiri a Nobel kudzera m'manja mwa mphunzitsi mmodzi. Sindidziwa umboni wina woposa umenewu wa kufunika kwa mphunzitsi wa sekondale.

Mu 1939 adapita ku Imperial College ku London, n'kumaliza digiri yoyamba mu 1941 nkhondo ili m'kati. Mu Januwale 1943 adatumizidwa ku Canada kukagwira ntchito pa kafukufuku wachinsinsi wa mphamvu ya nyukiliya, poyamba ku Montreal kenaka ku Chalk River. Nkhondo itatha adasamukira ku Berkeley, ku California, kwa Glenn Seaborg, komwe adakhala zaka zinayi akuwomba maatomu ndi makina a cyclotron n'kupanga mitundu yatsopano ya maatomu yoposa 80. Nthawi ina adasandutsa platinum kukhala golide, atolankhani a ku San Francisco n'kuitola nkhaniyo ngati munthu wapeza mgodi. Adaiwala kufunsa kuti golideyo adali wochuluka bwanji, ndiponso kuti platinum yemweyo ankagulidwa ndalama zingati.

Ntchito imeneyi idamusiyira chuma chimodzi chimene anthu sachitchula kawirikawiri. Kuti alekanitse timaatomu tochepa tosakanikirana ndi zinthu zambirimbiri, ankayenera kudziwa khalidwe la pafupifupi chitsulo chilichonse: chimasungunuka mu chiyani, chimasintha mtundu motani, chimagwirana ndi chiyani. Mphunzitsi wake wakale ku Imperial, H. V. A. Briscoe, atamulangiza kuti ku England sadzapeza ntchito ya uphunzitsi pa za nyukiliya, adasiya ntchitoyo mu 1950 n'kupita ku MIT, ndipo mu Sepitembala 1951 adalowa Harvard ali ndi chidziwitso chonsecho m'mutu. N'chifukwa chake chithunzi cha Pauson adangochiona kamodzi n'kudziwa kuti chalakwika.

Harvard sidamupatse mpando wokhazikika. Yunivesiteyo nthawi imeneyo sinkaona kemisitiri ya zitsulo ngati nthambi yoti n'kuikapo mtima. Mu Juni 1955 Imperial College idamuitana kukakhala pulofesa wa inorganic chemistry, nthambi yoona za zitsulo, michere ndi zinthu zina zosachokera ku zamoyo. Adali ndi zaka 34 pomwe ankayamba ntchitoyo mu Januwale 1956, ndipo adakhala pomwepo mpaka imfa yake.

Buku limene ophunzira ankangolitchula ndi maina a eni ake

Mmodzi mwa ophunzira ake a ku Harvard adali F. Albert Cotton, amene adamaliza digiri ya udokotala mu 1955. Mu 1962 awiriwa adatulutsa buku lotchedwa Advanced Inorganic Chemistry. Mabuku akale a nthambi imeneyi adali ngati kaundula: chitsulo chakuti chimapezeka kwakuti, chimayengedwa motere, michere yake ndi iyi, loweza. Buku la Cotton ndi Wilkinson lidasunga mfundo zonsezo koma n'kuzimanga pa funso loti chifukwa chiyani: maatomu akhalirana motani m'molekyu, mgwirizano wawo ndi wotani, ndipo zimenezi zikufotokoza bwanji mtundu, kulimba ndi khalidwe la kemikoloyo. Lidatanthauziridwa m'zilankhulo zambiri n'kukonzedwa mobwerezabwereza mpaka kope lachisanu ndi chimodzi la 1999. Ophunzira padziko lonse sankavutika n'kutchula mutu wake, ankangoti Cotton ndi Wilkinson. Munthu amene adaphunzira kemisitiri ku yunivesite pakati pa 1965 ndi 2000, kaya ku Britain, ku India kapena kuno ku Africa, n'kovuta kuti sadaligwireko kapena kuphunzitsidwa ndi munthu amene adakulira m'bukulo.

Nkhoswe ya m'botolo

Ntchito imene idafika patali kwambiri idabwera patatha zaka 13 ferrocene atadziwika, ndipo ikukhudza chinthu chimene akatswiri amachitcha katalisiti.

Katalisiti ili ngati nkhoswe. Mnyamata ndi mtsikana akhoza kukhala oyenerana, mabanja onse ofunitsitsa, koma popanda woyenda pakati nkhani imangokhala. Nkhoswe imakumanitsa mbali ziwirizo, zinthu zikalongosoka imabwerera kwawo ili yomwe ija, mawa n'kukamanganso ukwati wina. M'kemisitiri, mpweya wa haidrojeni ndi kemikolo yokhala ndi makaboni awiri ogwirana kawiri zikhoza kukhala m'botolo limodzi chaka chathunthu osakhudzana. Mukaikamo katalisiti pang'ono, zimagwirana m'kanthawi kochepa, katalisitiyo n'kutsala yosatha.

Izi sadayambe ndi Wilkinson. Mfalansa Paul Sabatier adaonetsa mu 1897 kuti ufa wa nickel umalowetsa haidrojeni m'makemikolo oterewa, ndipo majarini amene timapaka pa buledi adatchipa chifukwa cha njira imeneyi. Feteleza nayenso amachokera ku amoniya wopangidwa pa katalisiti ya ayironi m'njira ya Haber ndi Bosch. Koma makatalisiti onsewa ndi zitsulo zolimba zosasungunuka. Ntchito imachitikira pamwamba pa chitsulocho, pamalo posaoneka ndi posafanana, ndipo nthawi zambiri pamafunika kutentha ndi mphamvu yaikulu yopanikiza mpweya. Choipa china n'chakuti sasankha kwenikweni. Molekyu ikakhala ndi malo asanu olandira haidrojeni, iwe ukufuna amodzi okha, amangodzaza paliponse.

Mu 1965 gulu la Wilkinson ku Imperial, makamaka John Osborn, Fred Jardine ndi Francis Young, lidalengeza kemikolo ya rhodium imene kapangidwe kake n'kosavuta modabwitsa. Umatenga mchere wa rhodium, n'kuuwiritsa mu ethanol pamodzi ndi kemikolo yotchedwa triphenylphosphine, ndipo pansi pa botolo pamadikha ufa wofiira moderako. M'molekyu yake muli atomu imodzi ya rhodium pakati, atomu imodzi ya chlorine, ndi magulu atatu akuluakulu a phosphine ozungulira. Ufa umenewu umasungunuka m'madzi a makemikolo monga benzene, ndipo umalowetsa haidrojeni popanda kutenthetsa kapena kupanikiza mpweya. Lipoti lathunthu lidatuluka mu 1966. Magulu ena awiri, la R. S. Coffey ku kampani ya ICI ndi la Martin Bennett, amene adali wophunzira wakale wa Wilkinson yemweyo, adapeza kemikoloyi paokha nthawi yofanana, koma gulu la ku Imperial ndi limene lidaifufuza mozama, ndipo dzina loti katalisiti ya Wilkinson lidakhazikika.

Mmene imagwirira ntchito ndi motere. Gulu limodzi la phosphine limachoka pa rhodium n'kusiya mpata. Molekyu ya haidrojeni imafika n'kugawika pawiri, maatomu onse awiri n'kumatirira pa rhodium. Kenaka kemikolo yofuna haidrojeniyo imabwera kudzakhala pa chitsulo chomwecho, moyandikana ndi mahaidrojeni aja, ndipo iwo amasamukira kwa iyo mmodzimmodzi. Ikakhuta imachoka, mpata n'kutsegukanso. Chifukwa magulu a phosphine otsalawo ndi akuluakulu, pa rhodium pamakhala pothina, moti mbali ya molekyu imene yazunguliridwa ndi zinthu zambiri siifikapo. Imafikapo ndi mbali yoonekera yokha. Kusankha kwake kumachokera pamenepo.

Pano tinene chilungamo: si zonse zimene Wilkinson adazimvetsa bwino poyamba. Miyeso yake yoyambirira idamupangitsa kuganiza kuti phosphine imachoka pa mamolekyu ambiri ufawo ukangosungunuka. Zidadzaoneka kuti imachoka pa ochepa kwambiri. Amene adaunika nkhaniyi mwadongosolo m'zaka za m'ma 1970 ndi Jack Halpern wa ku yunivesite ya Chicago, amene adayeza liwiro la sitepe iliyonse payokha. Adapeza kuti makemikolo amene amaoneka ochuluka m'botolo si amene amagwira ntchito. Ntchito yonse imagwiridwa ndi timamolekyu tochepa tosaoneka n'komwe pa makina, timene timalandira haidrojeni mwaliwiro loposa la katalisiti yoyambayo nthawi 10,000. Wilkinson adali munthu wopanga zinthu, wokonda kuona mtundu ukusintha m'botolo, ndipo masamu aatali ndi ziphunzitso zapamwamba sankazipatsa ulemu wambiri. Nthambiyi idakula chifukwa padali anthu a mitundu yonse iwiri.

Ubwino waukulu wa katalisiti yosungunuka ndi wakuti mamolekyu ake onse ndi ofanana, choncho ukhoza kuisintha mwadala. William Knowles wa kampani ya Monsanto adaona mwayi umenewu mu 1968. Makemikolo ambiri a m'thupi amabwera m'mipangidwe iwiri yosiyana ngati chinthu ndi chithunzi chake cha pa galasi, ndipo kawirikawiri mpangidwe umodzi wokha ndi umene umachiritsa. Knowles adachotsa phosphine wa Wilkinson n'kuikapo wina wopendekera mbali imodzi, ndipo katalisitiyo idayamba kutulutsa mpangidwe umodzi kuposa unzake. Pofika 1974 Monsanto inkapanga m'njira imeneyi mankhwala a L-DOPA othandiza odwala matenda a Parkinson. Knowles adalandira mphoto ya Nobel mu 2001 pamodzi ndi Ryoji Noyori ndi Barry Sharpless.

Kumafakitale akuluakulu, rhodium wa Wilkinson adalowa kudzera pa khomo lina. Kuyambira 1938, pomwe Otto Roelen adaitulukira ku Germany, padali njira yophatikiza makemikolo okhala ndi makaboni ogwirana kawiri ndi haidrojeni ndi carbon monoxide pa katalisiti ya cobalt, koma inkafuna kupanikiza mpweya kuwirikiza 200 kapena 300 kuposa mpweya umene timapuma. Mu 1968 Wilkinson, Osborn ndi mnzawo wina, Evans, adafotokoza kemikolo ya rhodium yogwira ntchito yomweyo mofatsa ndi mosankha bwino. Akatswiri a Union Carbide motsogozedwa ndi Roy Pruett ankafufuza zomwezo kumbali yawo, ndipo kampaniyo itagwirizana ndi Davy Powergas ndi Johnson Matthey, fakitale ya njira yatsopanoyi idatsegulidwa ku Ponce, ku Puerto Rico, mu 1976. Zotuluka m'mafakitale oterewa ndi zimene zimafewetsa pulasitiki ya PVC yokutira mawaya a magetsi, ndipo zina zimalowa mu penti, ntchito ya bambo ake ija.

Rhodium yemweyo ndi wa kuno kwathu kumwera kwa Africa. Padziko lonse pamakumbidwa matani pafupifupi 30 okha pa chaka, ndipo pafupifupi magawo anayi mwa asanu amachokera m'migodi ya platinum ya ku South Africa, m'madera monga Rustenburg. Wina amachokera ku Great Dyke ku Zimbabwe. Mu 2021 mtengo wake udakwera kufika pafupifupi madola 30,000 pa aunsi imodzi. Mwala umatuluka kuno, koma makatalisiti ndi mankhwala opangidwa nawo timawagula kuchokera kutsidya kwa nyanja.

Kuchokera ku dothi la Japan kufika ku Thyolo

M'zaka za m'ma 1970 Satoshi Ōmura wa ku Kitasato Institute ku Japan adapeza m'dothi kachilombo kotchedwa Streptomyces avermitilis. Atakatumiza ku kampani ya Merck ku America, William Campbell ndi anzake adapeza kuti kamatulutsa kemikolo yopha njoka za m'mimba ndi tizilombo tina mwamphamvu zedi. Adaitcha avermectin. Pofuna mankhwala ogwira bwino ntchito ndiponso osavulaza thupi, akatswiri a Merck adafunika kulowetsa haidrojeni pamalo amodzi okha a molekyu yaikuluyo, pakati pa kaboni wa nambala 22 ndi wa nambala 23. Vuto lidali lakuti molekyuyo ili ndi malo asanu oterowo, ndipo anayi otsalawo sayenera kukhudzidwa. Chida chimene chidakwanitsa ntchitoyi ndi katalisiti ya Wilkinson, ndipo chotuluka chake ndi ivermectin.

Mankhwalawa adayamba kugulitsidwa kwa alimi a ziweto mu 1981. Mu 1987 adaloledwa kwa anthu, ndipo Merck idalengeza kuti iziwapereka kwaulere, pa dzina loti Mectizan, polimbana ndi matenda a onchocerciasis. Matenda amenewa amafalitsidwa ndi tintchentche takuda toswana m'mitsinje yothamanga, amayabwitsa thupi mosapirika, amawononga khungu la thupi ndipo ena amawachititsa kusaona. Ku Malawi amadziwika kwambiri m'maboma a kumwera monga Thyolo, Mulanje ndi Mwanza, komwe anthu odzipereka a m'midzi akhala akugawa mapilitsiwa chaka ndi chaka, atanyamula ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe chiwerengero cha mapilitsi a munthu aliyense. Ivermectin yemweyo, pomuphatikiza ndi albendazole, ndi amene adagwiritsidwa ntchito polimbana ndi matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo mu 2020 bungwe la WHO lidatsimikiza kuti Malawi wawagonjetsa matendawa ngati vuto la dziko. Ōmura ndi Campbell adalandira Nobel mu 2015. Dzina la Wilkinson silitchulidwa pa nkhani imeneyi, ndipo palibe cholakwika, pakuti mankhwalawo si ake. Chake ndi chida chimene ena adachipeza chili chokonzeka pa tsiku limene adachifuna.

Ferrocene nayenso adapeza ntchito yake mochedwa. Kachipangizo koyezera shuga m'magazi kotchedwa ExacTech, kamene kadatuluka mu 1987 kuchokera pa kafukufuku wa Allen Hill ku Oxford ndi anzake a ku Cranfield, kankadalira kemikolo ya m'banja la ferrocene ponyamula mphamvu ya magetsi kuchokera m'dontho la magazi.

Ana ndi zidzukulu za mu labotale

Katswiri wa sayansi amayezedwanso ndi anthu amene adadutsa m'manja mwake. Cotton mu 1964 adaonetsa kuti maatomu awiri a rhenium akhoza kugwirana kanayi, chinthu chimene mabuku ankati n'chosatheka, ndipo adalemba malipoti a kafukufuku oposa 1,600. Malcolm Green adakhala mtsogoleri wa nthambiyi ku Oxford. Alan Davison adapita ku MIT komwe iye ndi anzake adapanga mankhwala a technetium otchedwa sestamibi, amene madokotala amabaya wodwala pofuna kujambula mmene magazi akuyendera mu mtima. Osborn adapita kukaphunzitsa ku Harvard, ndipo wophunzira wake kumeneko, Richard Schrock, adalandira Nobel mu 2005 pamodzi ndi Robert Grubbs ndi Yves Chauvin chifukwa cha makatalisiti a mtundu wina. Wilkinson mwini wake sadaleke kupanga zatsopano. Cha m'ma 1970 iye, ndi Michael Lappert kumbali yake, adaonetsa kuti mgwirizano wa chitsulo ndi kaboni si wofooka monga ankaphunzitsira akale. Umasweka chifukwa pali njira yachidule imene haidrojeni woyandikira amadumphira pa chitsulo, ndipo ukatseka njirayo kemikoloyo imakhala. Mu 1973 iye ndi Anthony Shortland adapanga kemikolo ya tungsten yozunguliridwa ndi magulu asanu ndi limodzi a methyl, imene ambiri ankati singatheke. Idatheka, ngakhale idadziwikanso kuti imaphulika.

Chaka chomwecho cha 1973, mphoto ya Nobel ya kemisitiri idapita kwa Wilkinson ndi Fischer chifukwa cha makemikolo a sangweji. Woodward, amene adali atalandira kale yake mu 1965, zidamupweteka. Adalembera kalata komiti ya Nobel kudandaula kuti amulakwira kwambiri, ndi kunena kuti ganizo la mpangidwewo lidali lake. Wilkinson adalemba mbali yake mu 1975 m'nkhani yokumbukira miyezi inayi yoyambirira ya kafukufukuyo, momwe adafotokoza kuti adafika pa ganizolo payekha asadakumane ndi Woodward. Pauson, amene adapanga ufawo, sadatchulidwe n'komwe. Ine ndikuona kuti Woodward adali ndi mfundo pa za miyezi yoyamba ija, pakuti dzina lake lili pa lipoti la 1952 ndipo palibe angalifufute. Koma komitiyo inkayang'ana zaka 20 za ntchito, ndipo pa zaka zimenezo amene adakhala m'munda umenewu mpaka kukolola ndi Wilkinson ndi Fischer. Woodward adabwerera ku ntchito yake ina.

Ulemu wina udatsatira. Mfumukazi ya ku Britain idamupatsa ulemu wa Sir mu 1976, ndipo bungwe la Royal Society, limene adalowamo mu 1965, lidamupatsa Royal Medal mu 1981 ndi Davy Medal mu 1996. Adatsogolera kusonkhanitsa mabuku akuluakulu a Comprehensive Organometallic Chemistry a 1982, ndipo adali mkonzi woyamba wa magazini ya Polyhedron. Atapuma pa ntchito mu 1988 sadachoke pa Imperial. Kampani ya Johnson Matthey idamuthandiza ndi labotale, ndipo adapitiriza kafukufuku mpaka pomwe adamwalira ku London pa 26 Sepitembala 1996, ali ndi zaka 75, atalemba malipoti oposa 500.

M'zaka zake zomaliza adatchuka ndi makalata aukali opita kwa nduna ndi akuluakulu a mayunivesite. Chimene chinkamukwiyitsa ndi mchitidwe wofunsa wofufuza kuti alonjeze phindu la ntchito yake asadaiyambe, ndi kupereka ndalama kwa okhawo olonjeza zogulitsika msanga. Wina akhoza kunena kuti mawu amenewa ndi osavuta kwa pulofesa wa ku London, ndipo kuti dziko losauka silingataye ndalama pa chidwi cha munthu. Mfundoyo ndi yomveka, ndipo Wilkinson sadaiyankhe yonse. Koma pa nkhani ya ufa wake wofiira, zaka zili kumbali yake. Katalisitiyo idalengezedwa mu 1965, ivermectin adafika kwa ziweto patatha zaka 16, kwa anthu patatha zaka 22. Akadafunsidwa mu 1965 kuti ufawo udzachiritsa ndani, sakadakhala ndi yankho, chifukwa kachilombo kotulutsa avermectin kadali kadakali m'dothi la ku Japan, kasadadziwike kwa munthu aliyense.